Chitetezo chimene chinawononga chiwindi chikulephera bwanji kugonjetsa mabakiteriya?

Nachisale analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumawerenga pano, makamaka inu amene munaphunzira za chipatala. Ine ndikusamalira bambo anga, amene ali ndi zaka 61, ndipo papita zaka zitatu kuchokera pamene anawapeza ndi matenda a kuuma kwa chiwindi, amene madokotala amawatchula kuti cirrhosis. Tinauzidwa kuti gwero lake ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene mwina akhala nako kuyambira ali khanda koma iwo osadziwa. Mowa sanaulawepo pa moyo wawo wonse. Amamwa tenofovir, mankhwala oletsa kachilomboka kuswana, tsiku ndi tsiku, ndipo kuyambira chaka chatha m'mimba mwawo mwakhala mukudzaza madzi, moti anawawonjezera mankhwala okodzetsa.

Mwezi wathawu anayamba kugona masana onse, usiku n'kukhala maso, ndipo tsiku lotsatira anandiitana ndi dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale. Ndinawayeza kutentha kwa thupi ndipo choyezera chinaonetsa 36.4. Sanadandaule za ululu waukulu, anangonena kuti m'mimba mukumveka kulemera. Ndinadikira masiku awiri poganiza kuti atopa, ndipo kudikira kumeneko kumandivutitsa mumtima mpaka lero. Titafika kuchipatala anawabaya singano pamimba n'kutengako madzi, ndipo madzulo ake anatiuza kuti m'madzimo mwalowa mabakiteriya, komanso kuti impso zayamba kufooka. Anagonekedwa masiku 9 akulandira jakisoni ndi dilipi ya albumin, puloteni ya m'magazi. Panopa ali kunyumba, akulankhula bwino, ndipo anawapatsa mankhwala opha mabakiteriya oti azimwa tsiku lililonse osalekeza.

Pali zinthu zimene sizikundilowa m'mutu. Mabakiteriya analowa bwanji m'madzi a m'mimba pamene bambo analibe bala lililonse? Nanga thupi linalekeranji kutentha, matenda ali aakulu chotero? Funso limene likundisowetsa tulo ndi lachitatu. Pamene ankawapeza ndi cirrhosis, dokotala anatiuza kuti chimene chinawononga chiwindi kwenikweni ndi chitetezo cha m'thupi mwawo polimbana ndi kachilombo. Tsopano tikuuzidwa kuti chitetezo chomwecho ndi chofooka. Chingakhale bwanji champhamvu mpaka kuwononga chiwalo chathunthu, koma n'kulephera kugonjetsa mabakiteriya? Achibale ena akundiumiriza kuti ndigule mankhwala owonjezera amene amati amakweza chitetezo, ndipo sindikufuna kuchita kanthu ndisanamvetse.

Dokotala wa matenda a m'mimba ndi chiwindi anayankha:

A Nachisale, pepani ndi matenda a bambo, ndipo ndakondwa kumva kuti anatuluka m'chipatala. Mafunso anu atatu ali ndi muzu umodzi, choncho ndiyamba ndi ntchito ya chiwindi imene anthu ambiri saidziwa.

Magazi ochokera m'matumbo, m'chifu ndi m'kapamba sapita kumtima mwachindunji. Amayamba asonkhana mu mtsempha waukulu wotchedwa portal vein, umene umabweretsa pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a magazi onse olowa m'chiwindi. M'matumbo a munthu aliyense muli mabakiteriya osawerengeka, ndipo ngakhale mwa munthu wathanzi, ena ochepa pamodzi ndi tizidutswa tawo amadutsa khoma la matumbo n'kulowa m'magaziwa. Mkati mwa chiwindi magazi amayenda pang'onopang'ono m'timitsempha tating'ono kwambiri, ndipo m'mbali mwa timitsemphati mumakhala maselo amene ntchito yawo ndi kumeza tizilombo. Amatchedwa maselo a Kupffer, potengera dzina la Karl von Kupffer amene anawafotokoza koyamba mu 1876. Mwa maselo onse omeza tizilombo amene amakhazikika m'ziwalo za thupi, pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'chiwindi. Kuwonjezera apo, chiwindi ndicho chimapanga ambiri mwa mapuloteni otchedwa complement, amene amamatirira pa bakiteriya kuti maselo oyera a m'magazi amuzindikire ndi kumugwira mosavuta. Motero chiwindi ndi sefa komanso mlonda wa pachipata cha pakati pa matumbo ndi thupi lonse.

Cirrhosis ikafika, zipsera zimatsekereza njira ya magazi, ndipo mphamvu ya magazi mu portal vein imakwera. Khoma la matumbo limatupa n'kuyamba kulola zinthu zambiri kudutsa, matumbo amayenda mwaulesi, ndipo ndulu imene imathandiza kuchepetsa mabakiteriya imafika yochepa, choncho mabakiteriya amaswana mopitirira muyezo. Pa nthawi yomweyo magazi amafunafuna njira zina zolambalala chiwindi, moti ena amafika kumtima asanasefedwe ndi maselo a Kupffer. Mabakiteriya amene adutsa khoma amafika m'timitsempha ta madzi a m'thupi ndi m'magazi, kenako n'kugwera m'madzi odzaza m'mimbamo. Madzi amenewa ndi ofunda, sayenda, ndipo mwa odwala ambiri amakhala ndi mapuloteni ochepa oteteza, makamaka akatsika kuposa magalamu 15 pa lita imodzi. Ichi ndicho chifukwa chake sipafunika bala. Mabakiteriya amene timawapeza kawirikawiri, monga Escherichia coli ndi Klebsiella, amakhala a m'matumbo mwa wodwala yemweyo. Matendawa timawatchula mwachidule kuti SBP, ndipo dokotala wa ku America, Harold Conn, ndiye anawafotokoza momveka bwino mu 1964.

Tsopano ndifike pa funso lanu lalikulu. Zimene munauzidwa zonse ziwiri ndi zoona, ndipo sizikutsutsana, chifukwa chitetezo cha m'thupi si chinthu chimodzi chimene chimangokwera kapena kutsika ngati madzi m'chitsime. Ndi magulu ambiri a maselo ndi mapuloteni, gulu lililonse ndi ntchito yake, ndipo gulu lina likhoza kuchita mopitirira pamene lina lalefuka.

Kachilombo ka hepatitis B nthawi zambiri sikapha kokha selo la chiwindi limene kalowamo. Amene amapha selolo ndi maselo oyera otchedwa T, amene amazindikira kuti muli mdani mkati n'kuliwononga pamodzi ndi kachilomboko. Munthu akatenga kachilomboka ali wamkulu, nkhondoyi imakhala yaifupi ndi yamphamvu, ndipo anthu oposa 95 mwa 100 alionse amapambana. Akakatenga ali khanda, pafupifupi 90 mwa 100 alionse amakhala nako moyo wonse, chifukwa chitetezo cha khanda chimakalekerera. Pambuyo pake nkhondo imayambika ndithu, koma siifika pamapeto. Maselo a T amatopa chifukwa chokumana ndi mdani yemweyo zaka ndi zaka, moti alibe mphamvu yomaliza kachilombo, koma ali nayo yokwanira kupitiriza kuvulaza chiwindi pang'onopang'ono. Pa bala lililonse, maselo ena a m'chiwindi momwemo amaikapo chipsera, ndipo zipsera za zaka makumi atatu kapena anayi ndizo cirrhosis. Chimene chinawononga chiwindi cha bambo sichinali chitetezo champhamvu kwambiri ayi, chinali chitetezo chimene chinkamenya osamaliza.

Cirrhosis ikakula, zofanana ndi zimenezi zimachitika m'thupi lonse. Tizidutswa ta mabakiteriya timene tikulowa m'magazi usana ndi usiku timachititsa maselo oyera kukhala tcheru kosalekeza. Akafufuzidwa mu labotale, maselo a odwala oterewa amapezeka atadzuka kale ndipo akutulutsa zinthu zoyambitsa kutupa ngakhale palibe matenda enieni, koma akapatsidwa bakiteriya kuti amumeze, amachita mofooka. Ali ngati alonda amene akhala akukuwa usiku wonse chifukwa cha mtswatswa uliwonse, ndipo pamene mbala yeniyeni ikufika, mawu asasa ndipo manja alefuka. Onjezeranipo kuti kapamba amatupa n'kusunga maselo oyera ambiri, ndiponso kuti odwala ambiri amawonda chifukwa thupi limasowa zakudya zokwanira. Choopsa n'chakuti matenda akagwira, kutupa kumene kunalipo kale kumakwera mwadzidzidzi, mitsempha ya m'mimba imatanuka kwambiri, magazi opita ku impso amachepa, ndipo ubongo umasokonezeka. Zimenezi ndizo munaziona pa bambo.

Za kutentha kwa thupi, dziwani kuti odwala cirrhosis ambiri amakhala ndi thupi lozizirirapo kuposa anthu ena, ndipo chitetezo chotopa sichikweza kutentha monga chimachitira mwa munthu wathanzi. Ngakhale chiwerengero cha maselo oyera m'magazi chikhoza kuoneka chabwinobwino chifukwa chinayambira pansi, ndipo CRP, imene timayeza pofufuza matenda, imapangidwa ndi chiwindi chomwecho chimene chafooka. Odwala ena a SBP sakhala ndi chizindikiro chilichonse cha m'mimba. Pa chifukwa chimenechi, malangizo a akatswiri amati wodwala aliyense wa cirrhosis amene ali ndi madzi m'mimba ndipo wagonekedwa mwadzidzidzi, atengedwe madziwo n'kuyezedwa msanga, kaya thupi latentha kaya ayi. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu kapena anayi alionse a cirrhosis amene amagonekedwa m'chipatala amakhala ndi matenda a mabakiteriya, ndipo kafukufuku wophatikiza zotsatira za malo ambiri amene anatuluka mu 2010 anapeza kuti matenda oterewa amachulukitsa chiopsezo cha imfa pafupifupi kanayi.

Kunena za mankhwala okweza chitetezo, maganizo anga ndi akuti musawagule. Vuto la bambo si kuchepa kwa chinthu chimene mungachithire kuchokera m'botolo, ndipo chilichonse chimene angamwe chiyenera kudutsa m'chiwindi chimene chilibe mphamvu yotsala yopirira poizoni.

Namwino wopuma pa ntchito anayankha:

Mwanangu Nachisale, ndisanalowe m'nkhani, ndikupempheni kuti mutule katundu amene mwasenza mumtimayo. Ndagwira ntchito m'mawodi zaka zambiri, ndipo ndaonapo ife amene tinaphunzira ntchitoyi tikunyengedwa ndi thupi lozizira la wodwala chiwindi. Inu simunauzidwe kuti kusokonezeka kwa tulo ndi chizindikiro choopsa, ndipo munapita nawo nthawi ikadalipo.

A dokotala afotokoza za mkati mwa thupi, ine ndinena zimene maso a wosamalira wodwala angaone. Kugona masana n'kuchezera usiku kawirikawiri ndiko kumayamba, ndipo kumabwera kusokonezeka kwa mutu kusanaonekere. Kenako munthu amayankha mochedwa, amaiwala tsiku, amapsa mtima popanda chifukwa, kapenanso kulemba kwake kumasintha. Mukhoza kuwapempha kuti atambasule manja kutsogolo, zikhato zitaimirira ngati akuimitsa munthu, ndipo mukaona manja akugwa n'kudzuka mobwerezabwereza ngati mapiko a mbalame, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Yang'aniraninso mkodzo, chifukwa ukachepa kapena kuda kwambiri ndiye kuti impso zili pa mavuto. Ululu uliwonse watsopano wa m'mimba, kutsegula m'mimba, kusanza, kupuma mofulumira, chikasu chowonjezereka m'maso, kapena mimba kukula msanga ngakhale akumwa mankhwala okodzetsa, zonsezi muzizitenga ngati matenda a mabakiteriya mpaka atayezedwa. Mukafika, nenani momveka kuti wodwalayu ali ndi cirrhosis ndipo anadwalapo SBP, ndipo funsani mwaulemu ngati madzi a m'mimba ayezedwa. Anthu ambiri amaopa singano ija, koma ikabayidwa mwaukhondo ndi munthu wodziwa, vuto limachitika mwa apo ndi apo, ndipo kuopsa kwa kuchedwa kumaposa kutali kuopsa kwa singano.

Musaiwale kuti m'mimba si khomo lokhalo. Matenda a m'njira ya mkodzo ndi chibayo amagwiranso kwambiri odwalawa, ndipo miyendo yotupa ndi malo amene ambiri sawayang'ana. Khungu lotupa limang'ambika mosavuta, ndipo kabala kakang'ono ka pakati pa zala za kuphazi kakhoza kulowetsa mabakiteriya mwendo wonse n'kufiira ndi kutentha m'masiku awiri okha. Muziwasambitsa mapazi, kuwapukuta bwino pakati pa zala, ndi kuwayang'ana tsiku ndi tsiku. Mano ovunda ndi nkhama zotupa nazonso zisamaliridwe. Akagonekedwanso, funsani tsiku lililonse ngati kapaipi ka mkodzo kapena ka dilipi kakufunikabe, chifukwa kakakhalitsa kamasanduka njira ya tizilombo.

Ngati anapatsidwa lactulose, cholinga chake ndi chakuti azichita chimbudzi chofewa kawiri kapena katatu pa tsiku, chifukwa kudzimbidwa kumawonjezera poizoni wopita ku ubongo, koma kutsegula m'mimba kopitirira kumaumitsa thupi n'kuvulaza impso. Mankhwala a ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi indomethacin asawamwe n'komwe, chifukwa amatseka magazi opita ku impso komanso amachititsa kutaya magazi m'mimba. Paracetamol ndiye amaloledwa kawirikawiri, koma osapitirira magalamu 2 pa tsiku, ndipo afunse dokotala wawo. Akasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda ngati phula, thamangani nawo, ndipo musadabwe akapatsidwa jakisoni wopha mabakiteriya kwa masiku angapo, chifukwa kutaya magazi m'mimba kumatsegulira mabakiteriya njira, ndipo jakisoniyo amapulumutsa miyoyo.

Chomaliza chimene ndachiona kangapo ndi chifuwa chachikulu cha m'mimba, chimene chimadzazanso madzi ndipo chimatha kubisala pansi pa cirrhosis. Wodwala akamawonda, kutuluka thukuta usiku, ndipo madzi ake ali ndi maselo oyera a mtundu wina wosiyana ndi wa SBP, madokotala amachiganizira. Mankhwala ake atatu, isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide, amatha kuvulaza chiwindi, choncho amene akupereka chithandizocho ayenera kudziwa za cirrhosis asanayambe.

Mbewe anayankha:

Mlongo wanga a Nachisale, ine si wachipatala, koma ndili ndi kachilombo komweko ka hepatitis B, ndipo ndikufuna kuchitira umboni pa zimene a dokotala anena za mankhwala okweza chitetezo, chifukwa ndinalakwitsapo pamenepa.

Nditamwa tenofovir kwa zaka zinayi, magazi anga anaonetsa kuti kachilombo katsika kwambiri moti sikakuwerengeka. Ndinaganiza kuti ndachira. Pa nthawi yomweyo ndinaona pa intaneti anthu akutsatsa mankhwala amene ankati amatsuka chiwindi ndi kudzutsa asilikali a m'thupi, ndipo ndinasiya tenofovir n'kuyamba amenewo osauza dokotala. Miyezi iwiri yoyamba ndinali bwinobwino, ndipo ndinkadzitama mumtima. M'mwezi wachitatu ndinayamba kufooka, chakudya chinandinyansa, mkodzo unada, ndipo maso anasanduka achikasu. Dokotala anandifotokozera kuti tenofovir sachotsa kachilombo m'chiwindi, amangokaletsa kuswana. Nditasiya, kanaswananso mofulumira, ndipo asilikali anga a m'thupi atakaona kachuluka anaukira maselo a chiwindi mwamphamvu. Ndiye kuti chitetezo changa chinadzukadi monga ankalonjezera otsatsa aja, koma chinadzukira chiwindi changa chomwe. Anandiuza mosabisa kuti ndinapulumuka chifukwa ndinali ndisanafike pa cirrhosis, ndipo kuti mwa munthu wa cirrhosis kuukira kotereku kukhoza kugwetsa chiwindi chonse n'kumupha. Choncho chonde, bambo asadumphe tenofovir pa chifukwa chilichonse, ndipo muzikatenga wina mankhwala asanathe.

Ndinaphunziranso mbali ina ya nkhani yomweyi. Munthu wa hepatitis B akapatsidwa mankhwala ofooketsa chitetezo, monga prednisolone wa mlingo waukulu kwa nthawi yaitali, mankhwala a khansa, kapena rituximab, kachilombo kamatha kudzuka ngakhale mwa munthu amene ankaoneka kuti anachira kale. N'chifukwa chake ine ndimauza dokotala aliyense amene ndakumana naye za kachilombo kanga asanandilembere mankhwala.

Pempho langa lina ndi lokhudza inuyo. Ngati simunayezetse, kayezetseni pamodzi ndi mayi, abale anu onse, komanso abale a bambo obadwa nawo mimba imodzi, chifukwa ngati bambo anakatenga pobadwa, n'kutheka kuti si okha. Bungwe la WHO linanena kuti mu 2022 anthu pafupifupi 254 miliyoni pa dziko lonse anali ndi hepatitis B wokhalitsa, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa. Amene apezeke alibe kachilombo alandire katemera, ndipo mwana wobadwa m'banjamo alandire katemera woyamba pasanathe maola 24 atabadwa.

Wa zamankhwala anayankha:

Ndikugwirizana ndi onse amene ayankha, koma ndikufuna kukhazikika pa mankhwala opha mabakiteriya amene bambo auzidwa kuti azimwa tsiku lililonse, chifukwa palibe amene wawakhudza, ndipo nkhani yake ili ndi mbali ziwiri.

Chifukwa chowaperekera ndi chomveka. Munthu amene wadwalapo SBP, akapanda kutetezedwa, matendawa amabwereranso mwa odwala pafupifupi 70 mwa 100 alionse chaka chisanathe. Kafukufuku wa ku Barcelona wa mu 1990 anaonetsa kuti norfloxacin wa mamiligalamu 400 pa tsiku anatsitsa chiwerengerochi kufika pa 20 mwa 100 alionse. Kumene norfloxacin sapezeka amagwiritsa ntchito ciprofloxacin kapena cotrimoxazole. Mankhwalawa amachepetsa mabakiteriya a m'matumbo amene amakonda kudutsa khoma, ndipo kwa wodwala ngati bambo anu phindu lake limaposa kuipa kwake.

Kuipa kwake kulipo ndithu, ndipo ine kumandidetsa nkhawa kuposa momwe anthu ambiri amakunenera. Mabakiteriya amene amakumana ndi mankhwala omwewo tsiku ndi tsiku amaphunzira kupirira, ndipo ziwerengero za mu 1990 zija zinapezeka pa nthawi imene mabakiteriya osamva mankhwala anali ochepa kuposa lero. Choncho musaganize kuti popeza akumwa mankhwala ndiye kuti SBP siingabwerere. Ikhoza kubwera ndi bakiteriya amene samva mankhwala akumwawo, ndipo mwina samvanso ceftriaxone kapena cefotaxime, amene ndiwo jakisoni woyamba amene amaperekedwa kawirikawiri. Akadwalanso, uzani dokotala dzina la mankhwala amene akumwa, komanso kuti anagonekedwa posachedwa, chifukwa zinthu ziwirizi zimasintha mankhwala oyenera kuyambira. Musamawawonjezere maantibayotiki ena ogula nokha akadwala chimfine. Dziwaninso kuti gentamicin ndi anzake a gulu limenelo amapewedwa mwa odwala cirrhosis chifukwa amavulaza impso.

Za kuyeza madzi, SBP imatsimikizika pamene maselo oyera otchedwa neutrophil afika 250 pa kyubiki milimita imodzi ya madziwo, ndipo chithandizo chimayamba pomwepo osadikira kuti bakiteriya amere mu labotale. Nthawi zambiri bakiteriya samera n'komwe chifukwa amakhala wochepa m'madzimo, ndipo mwayi womupeza umakula madziwo akathiridwa m'mabotolo omeretsera pomwepo pa bedi la wodwala, mankhwala asanayambe.

Ndili ndi funso kwa inu, a Nachisale. Kodi bambo amamwa omeprazole kapena mankhwala ena ochepetsa asidi wa m'chifu?

Nachisale analembanso:

Zikomo kwambiri nonse, ndipo mayi namwino, mawu anu andipepuza mumtima. Za mankhwala okweza chitetezo ndasiya, ndipo ndawerengera achibale zimene achimwene a Mbewe alemba. Ine ndinayezetsa ndipo ndinalandira katemera, koma abale awo a bambo sanayezetse, choncho ndiwauza. Poyankha funso lija, ee, bambo amamwa omeprazole m'mawa uliwonse kuyambira zaka ziwiri zapitazo pamene ankadandaula za kutentha pa chifuwa, ndipo palibe amene anatiuza kuti asiye. Kodi pamenepa pali vuto? Ndifunsenso a dokotala ngati katemera angagwire ntchito mwa munthu amene chitetezo chake chatopa chotere, komanso chifukwa chimene anawaikira dilipi ya albumin pamene vuto linali mabakiteriya.

Dokotala wa matenda a m'mimba ndi chiwindi anayankhanso:

Funso la anzathu a zamankhwala linali lofunika kwambiri. Asidi wa m'chifu amapha mabakiteriya ambiri amene timameza, ndipo akachepetsedwa kwa nthawi yaitali, mabakiteriya amachuluka m'matumbo aang'ono. Kafukufuku wambiri wapeza kuti odwala cirrhosis amene amamwa omeprazole ndi anzake amadwala SBP komanso kusokonezeka mutu kawirikawiri kuposa amene sakumwa. Pali odwala amene amawafunadi mankhwalawa, monga amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena amene angomangidwa kumene mitsempha yotupa ya kum'mero, koma ambiri amangopitiriza kumwa chifukwa palibe amene anabwereranso pa nkhaniyo. Musawasiyitse nokha, koma pa ulendo wotsatira mufunse mwachindunji ngati chifukwa chomwera omeprazole chikadalipo.

Albumin inaperekedwa pofuna kuteteza impso. Monga ndinanenera, matenda akagwira, mitsempha imatanuka ndipo magazi ofika ku impso amachepa. Albumin imakoka ndi kusunga madzi m'mitsempha, komanso imagwira zina mwa zinthu zoyambitsa kutupa. Kafukufuku wa ku Spain amene anatuluka mu 1999 anayerekeza odwala SBP olandira cefotaxime yekha ndi olandira cefotaxime pamodzi ndi albumin. Kufooka kwa impso kunatsika kuchoka pa odwala 33 kufika pa 10 mwa 100 alionse, ndipo imfa za m'chipatala zinatsika kuchoka pa 29 kufika pa 10 mwa 100 alionse. Mlingo umene unagwiritsidwa ntchito, umenenso ukutsatidwa mpaka pano, ndi magalamu 1.5 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa wodwala tsiku loyamba, ndi galamu 1 pa kilogalamu tsiku lachitatu. Mankhwala okodzetsa amaimitsidwa kaye pa nthawi imeneyi, ndipo ngati anawayambiranso, impso ndi mchere wa m'magazi ziyenera kuyezedwa pafupipafupi m'masabata oyambirira.

Katemera amagwira ntchito mofooka cirrhosis ikakula, koma chitetezo chochepa chimaposa kusakhala nacho, ndipo katemera wopanda kachilombo kamoyo ndi wotetezeka kwa odwalawa. Funsani za katemera wa chibayo, wa chimfine chachikulu wa chaka ndi chaka, wa COVID-19, komanso wa hepatitis A ngati magazi aonetsa kuti sanadwalepo, chifukwa hepatitis A ikagwera pa chiwindi chodwala kale imatha kukhala yoopsa kwambiri. Wa hepatitis B sangawathandizenso iwo popeza kachilombo ali nako kale. Ndi bwinonso kuti ayezedwe kamodzi hepatitis D, kachilombo kamene kamakhala mwa anthu okhawo amene ali ndi hepatitis B ndipo kamafulumizitsa kuwonongeka kwa chiwindi, pamodzi ndi hepatitis C ndi HIV ngati sanayezedwe. Apewe zakudya za m'nyanja zosaphika, chifukwa bakiteriya wotchedwa Vibrio vulnificus amapha msanga anthu odwala chiwindi, komanso mkaka wosawiritsa. Asamanidwe zakudya za mapuloteni poopa kusokonezeka mutu, chifukwa kuwonda kwa minofu kumafooketsa chitetezo, ndipo kadyedwe kochepa asanagone kamathandiza thupi kuti lisadye minofu yake usiku.

Pali chinthu chimodzi cholemera chimene sindikufuna kukubisirani. SBP yoyamba ndi chizindikiro chakuti cirrhosis yafika pa gawo lalikulu, ndipo kumene chithandizo choika chiwindi china chimatheka, imeneyi ndiyo nthawi imene wodwala amatumizidwa kukaunikidwa. Komabe, mwa odwala hepatitis B amene kachilombo kawo kaletsedwa bwino ndi mankhwala, chiwindi chimatha kubwezako mphamvu pang'onopang'ono, makamaka ngati matenda a mabakiteriya sakubwerezabwereza. Pemphani dokotala wawo kuti akhale nanu pansi, bambo ali pomwepo, akuuzeni pamene chiwindi chafika, chiwerengero cha kachilombo m'magazi panopa, ndiponso tsiku la sikani yotsatira ya chiwindi, imene odwala cirrhosis amayenera kuchita miyezi 6 iliyonse pofufuza khansa.